Waya Wokwiriridwa Mumchenga

MUTU 6

1. Bokosi lochokera m'ndege

M'nyumba ya Ambuya Esnati, kufupi ndi msewu wochokera ku bwalo la ndege la Mfuwe, simunkalowa waya wamtundu uliwonse. Zovala ankayanika pa luzi. Chitseko cha khola la nkhuku ankamanga ndi mlaza. Chogwirira cha ndowa chitathyoka, anapota chingwe n'kumangapo.

Chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa. Mwana wawo Benwell, atate ake a Rosina, anagwidwa ndi asikauti oteteza nyama atabisa waya wa misampha kuseri kwa nkhokwe. Anapita kundende ali mwamuna wonyamula thumba la thonje yekha. Anabwerako akutsokomola, ndipo sanakhalitse. Kuyambira pamenepo Ambuya analera Rosina okha, khutu lawo lili kumsewu nthawi zonse.

Chaka cha 1999, m'mwezi wotentha wa Okutobala, Rosina anapeza ganyu pa loji ina ya m'mbali mwa Luangwa. Ankathandiza Bambo Langford, mmisiri wa ku Lusaka amene anabwera kudzalumikiza makompyuta a palojipo. Bamboyo ataona kuti mtsikanayu ali ndi manja osamala, analonjeza kuti ntchito ikatha bwino adzamutenga ku Lusaka kukaphunzira umisiriwo. Rosina analibe khomo lina. Linali lomwelo basi.

Lachisanu lina anamutuma panjinga kukatenga bokosi ku bwalo la ndege. Ndege inachedwa. Pofika 17 koloko njovu zinali zitatuluka kale kutsata mango, ndipo msewu wa kuloji sunali woyendamo munthu wapanjinga. Rosina anakhotera kunyumba.

"Mwaswera bwanji, Ambuya?"

"Ndaswera, kaya iwe. Nanga chimene wamangirira pakaliyalapo n'chiyani?"

"Katundu wa kuntchito. Agona muno, mawa m'mawa ndipita naye."

Ambuya anapisa chala pabowo la bokosilo n'kukoka kachingwe kotuwa, kosalala ngati mchira wa khoswe. Anakayang'ana kunsonga. M'kati munkanyezimira.

"Rosina! Uyu ndi waya!"

"Si waya wa misampha, Ambuya. Taonani." Anasenda nsonga ndi lezala. Munatuluka tiwaya tamitundumitundu, topotana tiwiritiwiri. "Umu ndi mmene mumayenda mauthenga a makompyuta. Wakale amamutcha Kati faivi, liwiro lake ndi handiredi. Uyu ndi watsopano, Kati sikisi. Akatswiri a kunja sanamalize n'komwe kugwirizana malamulo ake, koma akuti adzafika sauzande. A Madamu Jackie, eni loji, anaitanitsa bokosi limodzi lokhali kuchokera ku Joni."

"Handiredi chiyani? Sauzande chiyani?"

Rosina anaseka. "Liwiro, Ambuya. Mphamvu yake yonse ili m'kupotanaku. Ukamasula kupitirira chikhadabo, mauthenga amasokonezana ngati anthu olankhula onse pamodzi pamsika. Sapindidwa mwamphamvu, sapondedwa, salumikizidwa pakati. Kuchokera kuofesi mpaka kusitolo ayenera kuyenda wathunthu m'paipi. Ndipo Bambo Langford anena kuti mawa ndimukoke ndekha. Ntchito yanga yoyamba!"

Ambuya sanaseke.

"Tamvera, mwana wa mwana wanga. Ine kusukulu sindinapondeko. Zolemba za pabokosipo kwa ine ndi mapazi a nkhuku. Koma waya ndimamudziwa. Atate ako anabwera naye dzuwa litapendeka chonchi, nawonso akuseka. Anati, 'Amama, agona lero lokha.' Lero lokha! Asikauti akafika pakhomo safunsa kuti waya uyu ndi wa faivi kapena wa sikisi. Safunsa zoti wapotana. Amangoti tambasula manja. Ine ndinathamangira galimoto limene linamutenga mpaka mapazi anang'ambika, osalipeza. Munthu mmodzi ndinapereka kale. Iwe ndiwe wotsala. Chotsa chinthu ichi m'nyumba mwanga."

"Ndikachiika kuti, Ambuya? Panja pali chiswe. Kukangocha ndichoka nacho."

2. Uthenga wa Jacinta

Kutacha, tayala lakumbuyo la njinga linali litaphwa. Munga unalowa dzulo lake. Rosina anakankha njingayo kupita nayo kumsewu kwa msuweni wake Webster, mwana wa azakhali ake, amene ankakonza njinga ndi mawailesi pansi pa mtengo wa mango.

"Sindichedwa, Ambuya. Bokosilo musalikhudze."

Sanapite patali pamene Jacinta, mayi woyandikana nawo, anatulukira kuseri kwa mpanda akupuma mofulumira, mwana akugwedezeka kumsana.

"Ambuya, mwamva? Asikauti ali kumudzi wa kutsidyaku! Apeza mkango utakodwa pakhosi. Akulowa nyumba iliyonse, akuvundukula mphasa, akukwera m'nkhokwe. Kwa a Zulu atenga ngakhale waya wa mabuleki a njinga. Akachoka kumeneko abwera kuno!"

Anathamangira kukauza ena.

Ana inu, mantha ndi oipa. Salola munthu kukhala pansi n'kudikira. Ambuya anaima pakhomo kuyang'ana njira imene Rosina anadzera. Munalibe munthu. Anayang'ana kutsidya. Kunkaoneka fumbi.

Anakokera bokosi lija pansi pa bedi. Linkaonekera. Analiphimba ndi chitenje. Linkaoneka ngati bokosi lophimbidwa ndi chitenje. Kenako maso awo anagwera pa mbiya zawo zakale zofululira thobwa, zimene zinali kukhonde.

Anang'amba bokosilo. Mkombero wa waya unali waukulu, sunalowe pakamwa pa mbiya. Anayamba kusolola, kupinda, kulowetsa. Waya ankakana, ankabwerera ngati wamoyo. Anatenga munsi n'kumamusindikiza. Mbiya itadzaza, waya anali akadali wambiri.

Anatenga nkhwangwa. Anaika waya pa chipika. Kha!

Anadzaza mbiya ina. Kha! Inanso. Wotsala anamudula mfupimfupi n'kumukankhira mumtsuko wamadzi. Bokosi analiponya pamoto.

Kuseri kwa mudzi kunali kamtsinje kouma. Ambuya, amene masiku onse ankadandaula msana, tsiku limenelo anasenza mbiya imodziimodzi, kukumba mchenga ndi manja, kukwirira, n'kufafaniza mapazi awo ndi nthambi. Atamaliza anabwerera, nasesa phulusa la bokosi, nakhala pamkeka. Mtima unatsika. M'nyumba mwawo munalibenso waya.

3. Kufukula

Rosina anabwera atakwera pakaliyala, Webster akupalasa kuti ayese chigamba chake.

"Ambuya, ndakubweretserani mkazi wanga," anafuula Webster mwachisuweni. "Akukana kundilipira. Akuti adzanditumizira nsapato kuchokera ku Lusaka."

"Za mapazi ngati makasuwo sagulitsa," anatero Rosina akulowa m'nyumba.

Anatulukamo nkhope itasintha.

"Ambuya, bokosi lili kuti?"

"Asikauti akubwera. Ndakupulumutsa."

"Lili kuti, Ambuya?"

"Bokosi ndatentha. Waya ali pabwino. Akadutsa asikauti tikafukula."

Rosina sanadikire. Anathamangira kumene Ambuya analoza, Webster pambuyo, Ambuya akutsatira n'kumawachonderera kuti asafuule. Anakumba. Mbiya yoyamba itatuluka, Rosina anakoka waya. Anatuluka wopindikapindika, malo ena ataphwanyika ndi munsi. Anakokabe mpaka nsonga inatulukira, yodulidwa ndi nkhwangwa.

Anakhala pansi pamchenga wotenthawo.

"Mwadula."

"Sankalowa, mwanangu."

"Mwadula, Ambuya! Ndinakuuzani dzulo kuti salumikizidwa!"

Anafukula mbiya zonse n'kuyala zidutswa pamchenga. Rosina anayenda m'mbali mwa chidutswa chachitali kuposa zonse, akuyerekeza ndi mtunda wa kuofesi mpaka kusitolo. Sichinkafika ngakhale pakati. Anagwira kumutu. Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika n'kugwera pamchenga.

Ambuya anali asanamuonepo akulira chotero chimwalirireni atate ake.

"Webster," anatero Ambuya, "iwe umadziwa za mawaya. Thandiza mbale wako."

4. Nzeru za Webster

Webster anatola zidutswa ziwiri. Anatulutsa kampeni ndi tepu wakuda m'thumba la ovolosi.

"Mkazi wanga, pukuta maso. Ine ndalumikizapo mawaya a wailesi, a batire, ngakhale a foni ya kumishoni. Waya ndi waya. Wobiriwira kwa wobiriwira, wabuluu kwa wabuluu. Taona."

Anasenda nsonga zonse ziwiri. Anamasula kupotana kuja utali wa chala chonse kuti apeze pogwira. Anapiringiza tiwayato mtundu ndi mtundu, nakulunga tepu mwaluso. Pomalizira panangooneka kachotupa kakang'ono.

"Waona? Uwongole mopindikamo ndi manja. M'paipi umukoka wekha, si choncho? Ndani adzalowe m'paipi kukaona? Bokosi unene kuti linang'ambika panjinga. Nanga bwana wakoyo amayesa ndi chiyani?"

"Ali ndi kamakina ka nyali," anayankha Rosina motsitsa. "Kamaona ngati tiwaya tonse tafika kutsidya."

"Nyalizo ziyaka?"

"Ziyaka."

"Basi! Nkhani yatha."

"Siinathe. Nyali ziyaka, koma liwiro silidzafika. Makompyuta azidzachedwa, mauthenga azidzatayika panjira. Lero ayi, mwina mwezi wamawa, ntchito ikachuluka."

"Nthawi imeneyo iwe udzakhala uli ku Lusaka ukudya mabanzi."

"Ndipo anthu adzati Bambo Langford anagulitsa waya wabodza."

Ambuya anakhwekhwerezeka pamchenga mpaka pamene panali Rosina, namugwira mwendo.

"Mvera msuweni wako. Anthu a ku Lusaka ali ndi ntchito zambiri, imodzi ikaonongeka amapeza ina. Iwe uli ndi chiyani? Munda wa thonje umene njovu zimapondaponda? Ukapita kukanena, akuthamangitsa lero lomwe. Mwina aitana apolisi. Adzati unafuna kuba. Mwana wa Benwell, adzatero, magazi ake ndi omwewo. Ukudziwa mmene anthu amalankhulira. Ngati kulumikiza sukufuna, nena kuti akuba anakulanda pamsewu. Ngati bodza likukulemera, thawira ku Msoro kwa amalume ako mpaka aiwale. Koma usanyamule waya uyu poyera, masana ano, asikauti ali pamsewu. Ndakugwira mwendo, ine ambuye ako. Sindinagwirepo mwendo wa mwana."

Rosina anatenga waya wolumikizidwa uja. Anamutembenuza uku ndi uku. Webster analumikiza bwino ndithu. Munthu akanatha kukoka m'paipi osamva kanthu.

Webster anayamba kusenda chidutswa china.

"Siya, Webster."

Anakanda tepu ndi chikhadabo, nayamba kumasula.

"Wapenga?" anatero Webster.

"Ku Lusaka ndikaphunzira chiyani, ntchito yanga yoyamba ili ndi bodza m'paipi? Bambo Langford anandionetsa chinthu chimodzi tsiku loyamba: usamasule kupotana ngakhale pamene palibe amene adzaone. Anati ntchito yathu yonse imakhala m'denga ndi m'mapaipi. Tsono ndiyambe ndi chimenechi?"

"Ndiye udzakalamba ukutola thonje."

"Kapena. Ndithandize kukulunga."

Webster anapukusa mutu, koma anathandiza. Anakulunga zidutswa zonse n'kuzimangirira pakaliyala ndi mphira, poonekera aliyense.

Rosina atagwira mahandulo, Ambuya anapita kutsogolo kwa njinga n'kugona chopingasa m'njira, m'fumbi.

"Undiponde kaye."

Rosina anaimika njinga. Anagwada pafupi ndi mutu wawo.

"Ambuya, munandilera ndi mawu amodzi. Munkati, usadzabise kanthu kuseri kwa nkhokwe ngati atate ako. Lero mukundiuza ndibise m'paipi. Ndimvere mawu ati?"

Ambuya anatembenuzira nkhope kumbali.

Rosina ananyamula njinga, nailambalalitsa, nayamba kukankha. Sanakwere. Ankadziwa kuti Ambuya akubwera pambuyo.

5. Pamsewu

Dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno silichitira munthu chifundo. Ambuya ankayenda opanda nsapato, akulankhula njira yonse. "Phimbako ndi chitenje. Dzera njira ya kumunda. Rosina, ukundimva?" Rosina ankangokankha.

Pamphambano anapeza galimoto lobiriwira litaima pamthunzi. Asikauti anali atakhala kumbuyo, mfuti zili pamiyendo. Wamkulu wawo, bambo wa imvi dzina lake Paskale, anatsika n'kukweza dzanja.

"Muli bwanji, amama? Mtsikana, imika njingayo. Wanyamula chiyani?"

Rosina asanayankhe, Ambuya anadutsa kutsogolo, natambasula manja onse awiri pamodzi.

"Mangani ine, abwana. Mwanayu sadziwa kanthu. Waya ndi wanga. Ine ndakalamba kale, kundende ndikangomalizira. Uyu musiyeni, ali ndi sukulu m'mutu."

Paskale anawayang'ana modabwa. Anasolola chidutswa chimodzi, nayang'ana kunsonga. Anagwira kawaya kamodzi n'kukapinda kawiri ndi zala. Kanaduka.

"Uyu ndi wa makompyuta a kuloji," anatero Rosina.

"Ndaona. Tsitsani manja, Ambuya." Anatembenukira anzake akumwetulira. "Anyamata, bwerani muone msampha watsopano!" Kenako anati kwa Ambuya, "Msampha umafuna waya wachitsulo, wolimba. Uyu ndi kopa wofewa. Ngakhale nkhanga ikhoza kudula n'kumapita ikuimba. Nanga anamudula chonchi ndani? Anali wabwinotu."

"Ndimaopa inu," anatero Ambuya.

Kumwetulira kwa Paskale kunatha.

"Tikanamupeza m'bokosi lake, tikanangoti tsalani bwino. Pepani, Ambuya. Pitani."

Galimoto linanyamuka. Ambuya anatsala ataima, manja akadali pamodzi. Kenako anakhala pansi pakati pa msewu.

"Ndiye ndadulira chiyani? Rosina, ndadulira chiyani? Ndimati ndikukubisa kwa asikauti, pomwe ndikukudula miyendo ndi nkhwangwa yanga yomwe. Mayo ine!"

Rosina anawadzutsa, nawakhazika pa chishalo cha njinga, nayamba kukankha katundu yense pamodzi, waya ndi ambuye ake.

6. Pamaso pa Bambo Langford

Bambo Langford anali pakhonde la ofesi, kathaulo kali pakhosi, akuyang'ana wotchi. Anali munthu wamtali, wovala magalasi, wosalankhula zambiri.

"Rosina, 11 koloko! Paipi ikudikira kuyambira m'mawa. Bokosi lili kuti?"

Rosina anamasula mphira. Anayala zidutswa pakhonde, chimodzichimodzi.

Bamboyo anavula magalasi, napukuta, navalanso. Anatola chidutswa china, nayendetsa chala pamalo ophwanyika. Mchenga unagwa.

"Ndani?"

"Ndine, abwana," anatero Ambuya atagwada pasitepe. "Ndine chitsiru chosaphunzira. Ndimaopa asikauti. Mwanayu anandiuza kuti ndisakhudze."

"Bokosi munapatsa ine, Bambo," anatero Rosina. "Ndimadziwa mmene Ambuya amaopera waya, koma ndinalisiya ndi iwo. Ndikanapita nalo kwa wokonza njinga."

"Dzukani, amama, musandigwadire." Mawu a Bambo Langford anali ouma. "Mukudziwa chimene mwachita? Waya uyu sapezeka ku Chipata. Ngakhale ku Lusaka sanafike. Ndamudikira kuyambira mwezi wa Ogasiti. Kuti libwere bokosi lina, mvula idzakhala itagwa, ngalande ya paipi itadzaza matope. Ine ndinauza Madamu kuti ndiwaikira waya amene sadzafunika kusintha malamulo atsopano akatuluka. Ndiwauza chiyani tsopano? Kuti ali m'mbiya?"

Anaponya chidutswacho pansi. Anatola china, ndipo anaima. Kunsonga kwake tiwaya tinali tomasuka utali wa chala, tomata ndi ulimbo wa tepu.

"Apa panali tepu."

"Inde, Bambo. Tinalumikiza. Ndinamasula."

"Unadziwa kuti kamakina kanga sikakanaona?"

"Ndinadziwa."

"Unadziwanso kuti m'paipi umukoka wekha."

"Inde."

Ambuya ankayang'ana nkhope ya bamboyo ngati mmene mlimi amayang'anira mitambo, koma sanathe kuona ngati kukubwera mvula kapena mphepo.

"Za ku Lusaka sindingalonjezenso," anatero Bambo Langford. "Waya si wanga. Ndi wa Madamu Jackie, ndipo iwo salekerera katundu woonongeka. Akanena kuti uchoke pamalo pano, uchoka, ndipo ine sindingatenge munthu wothamangitsidwa pa ntchito ya kasitomala wanga. Abwera Lolemba. Udzaima pamaso pawo wekha, unene zimene wanena kwa ine. Osachotsapo, osawonjezera."

"Ndidzanena, Bambo."

"Abwana," anayamba Ambuya, "ndili ndi mbuzi..."

"Sungani mbuzi zanu, amama." Analowa m'ofesi, natuluka ndi pulayala yapadera yomangira timitu kunsonga za waya. Anaitambasulira Rosina. "Lero ukadali wantchito wanga. Makompyuta a muofesi muno ali pafupipafupi. Sankha malo amene munsi sunafike, udule, umange timitu. Pophwanyika paliponse utaye. Wamva?"

Rosina analandira ndi manja awiri. Kamutu koyamba kanamugwa. Anakatola. Anasenda waya, namasula kupotana pang'ono pokha, kosafika chikhadabo.

7. Pachipata

Ambuya anakana kubwerera kunyumba. Anakhala pansi pa mtengo wa mchenja pafupi ndi chipata cha loji, pamene ankatha kuona khonde la ofesi. Mlonda anawapatsa madzi m'kapu.

"Pitani mukapume, Ambuya. Madamu abwera Lolemba."

"Ndidikira."

"Mpaka Lolemba? Kuno madzulo kumadutsa mvuu."

"Zindidutse. Ndinadula ndine. Mzunguyo asanaone nkhope ya mwana wanga, ayambe waona yanga. Iwe mwana, uli ndi ana? Uziwamvera akamakuuza za ntchito yawo. Ine ndinamva ndi makutu okha, mtima unali kwa Benwell."

Dzuwa linapendeka pang'ono. Pakhonde paja Rosina anali chiweramire, akudula, akumanga, akupereka kwa Bambo Langford kuti ayese. Zina bamboyo ankaika kumanja. Zina ankaponya m'katoni ya zinyalala.

Makutu a Ambuya, amene anazolowera kumvera msewu zaka zonsezi, ndi amene anayamba kumva. Kunali kulira kwapansipansi kuchokera kumwera. Anakweza mutu. Kandege koyera kanadutsa pamwamba pa mitengo, kakutsikira ku Mfuwe.

Muofesi wailesi ya mauthenga inakhosomola. Posakhalitsa dalaivala wa loji anatuluka akuthamanga, akumanga mabatani a shati, makiyi ali pakamwa.

"Tsegula geti!" anafuulira mlonda. "Madamu asintha ulendo. Ali m'ndege imeneyo, ndipo akufunsa ngati waya wawo walowa kale m'paipi!"

Pakhonde, pulayala inaima m'manja mwa Rosina.

Galimoto linatuluka ndi fumbi. Mlonda anagwira chitseko kuti atseke, koma anapeza Ambuya Esnati atadzuka kale. Anamanga chitenje chawo mwamphamvu m'chiuno, nayenda mpaka pakati penipeni pa chipata, pamene galimotolo liyenera kudzera pobwera, naima pomwepo.